Zastava M57 yochokera ku nkhokwe za asilikali: silaidi ikathina, tupa idikire kaye

Mwa mfuti za m'manja zimene asilikali anasiya kugwiritsa ntchito n'kuyamba kugulitsidwa kwa anthu okhala ndi ziphaso, Zastava M57 ndi imodzi mwa zimene timaziyamikira ndi mtima wonse. Chitsulo chake ndi chabwino, zipangizo zake ndi zochepa, ndipo mtengo wake umakhala pansi poyerekeza ndi ntchito imene imagwira. Koma dandaulo limene limamveka kawirikawiri munthu akangoitulutsa m'bokosi ndi limodzi: silaidi, chitsulo chapamwamba chimene chimayenda kumbuyo ndi kutsogolo, yathina. Ena amati ikukana kubwerera m'mbuyo, ena amati ikuyenda mokwekwereza ngati muli mchenga, ena amati ikukakamira patatsala mamilimita awiri kuti itseke. Ambiri akaona zotere amathamangira tupa ndi sandipepa, ndipo apa ndi pamene mfuti yabwino imawonongekera. Pa mfuti ya mtundu uwu, kuthina nthawi zambiri sikuchokera pa chitsulo chochuluka. Kumachokera pa girisi wouma, pa chipangizo chimene sichinakhale pamalo pake, kapena pa kachitsulo kotukuka kamene maso sakuona.

M57 inapangidwa ku Kragujevac, m'dziko limene linali Yugoslavia, ndipo nambala 57 ikuimira chaka cha 1957. Ndi mwana wa TT-33 ya Fedor Tokarev ya ku Soviet Union, ndipo imadya zipolopolo zomwezo za 7.62x25 mm. Mpope wake ndi wotalika 116 mm. Kusiyana kwake ndi TT-33 kuli pa chogwirira chotalikirapo, magazini yolowa zipolopolo 9 m'malo mwa 8, sipuling'i yobwezera silaidi yomangidwira pa kamtengo kake, ndiponso kaloko koletsa trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powomba) kugwira ntchito magazini ikachotsedwa. Abale ake ndi ambiri: ya ku Romania yopangidwa ku Cugir, ya ku Poland yopangidwa ku Radom, ya ku Hungary, ndi Type 54 ya ku China. Zambiri zimene tikunena pano zikugwira ntchito pa onsewa.

Kuti mudziwe pamene pakuthina muyenera kudziwa mmene mpope ndi silaidi zimagwiranira. Tokarev anatengera njira ya John Browning ya pa M1911, mfuti ya m'manja ya ku America. Silaidi ikatseka, kumbuyo kwa mpope kumakwera m'mwamba ndipo mano a mpope amalowa m'timipata ta kudenga kwa silaidi. Mfuti ikalira, ziwirizi zimabwerera m'mbuyo pamodzi kamtunda kochepa, kenako kachitsulo kotchedwa link, komangidwa pansi pa mpope ndi kukoledwa pa pini ya slide stop (kachitsulo koimitsa silaidi ili kumbuyo), kamakokera mpope pansi, mano n'kumasuka, silaidi n'kupitirira yokha. Pa TT-33 ndi M57 mano amenewa ndi mphete zozungulira mpope wonse, chifukwa zinali zosavuta kusema pa makina ozungulira. Kutsogolo, mpope umadutsa mu bushi, kachitsulo koboola kokhala kukamwa kwa silaidi. Choncho malo amene angagwire silaidi ndi owerengeka: tinjanji ta fulemu (thupi la m'munsi la mfuti), bokosi la hamala (hamala ndi kanyundo komenya kuti mfuti ilire), bushi, mphete za mpope, link, sipuling'i, extractor (kambedza kosolola khoko la chipolopolo) ndi magazini. Ntchito yonse ndi kupeza kuti mwa malo amenewa ndi ati.

Musanachite chilichonse chotsani magazini, kokani silaidi, yang'anani m'chipinda cha chipolopolo ndi maso ndiponso pisanimo chala. Zipolopolo zenizeni zisakhale m'chipinda chimene mukugwirira ntchito. Zoyesera zikhale zabodza, zopanda wonga.

Ngati silaidi yakana kusuntha ngakhale pang'ono, yang'anani hamala. Mfuti za banja la Tokarev zinapangidwa kuti hamala ikakhala pakatikati, pa kamphako koyamba, silaidi imakhomeka. Umenewu ndiwo unali chitetezo chokha cha TT-33, ndipo anthu ambiri amene azolowera mfuti zina amaganiza kuti yawonongeka n'kuyamba kuimenya ndi nyundo ya pulasitiki. Kokerani hamala kumbuyo mpaka kumapeto, silaidi imasuka. Kuyesa kumeneku kumathandizanso pa chinthu china: sipuling'i ya hamala ya M57 ndi yolimba, ndipo gawo lalikulu la mphamvu imene dzanja limamva pokoka silaidi ndi yokhotetsa hamala. Ngati hamala ili kale kumbuyo ndipo silaidi ikuyenda bwino, mfuti yanu ilibe vuto.

Chachiwiri ndi cosmoline, girisi wabulauni amene nkhokwe za asilikali zimapaka mfuti pozisunga. Akakhala zaka makumi angapo amauma n'kukhala ngati phula, ndipo sakhala pamwamba pokha. Amadzaza timipata ta mano kudenga kwa silaidi, pansi pa mbedza ya extractor, m'ngalande za tinjanji, m'kabowo ka link ndi m'njira ya firing pin, kamsomali kamene hamala imamenya kuti kagunde chipolopolo. Kupukuta ndi kansalu sikuchotsa zimenezi. Phwasulani mfuti: kankhirani kumbuyo kachitsulo kopanira pini kamene kali kudzanja lamanja la fulemu, ndipo m'mphepete mwa pansi pa magazini mumakwanira bwino pa ntchito imeneyi. Tulutsani slide stop kumanzere, tsetserezani silaidi kutsogolo, chotsani sipuling'i, zungulizani bushi theka la mzunguliro n'kuitulutsa, gonekani link kutsogolo ndi kutulutsira mpope kukamwa kwa silaidi. Bokosi la hamala limanyamuka lonse lathunthu kuchoka mu fulemu. Chotsani zogwirira za pulasitiki, kenako nyikani zitsulo zonse mu palafini kapena mineral spirits kwa maola 12 mpaka 24, pamalo opita mphepo, kutali ndi moto. Cosmoline amasungunuka pa kutentha kwa pakati pa 45 ndi 52 digiri Celsius, choncho kuyanika zitsulo padzuwa lamphamvu m'pepala lakuda kumamufewetsa ndithu. Timipata ta mano tikoloweni ndi kamtengo kosongoka kapena kachitsulo ka mkuwa, osati sikulu dilaiva. Wochuluka ngati njere ya mapira m'kampata kamodzi ndi wokwanira kuletsa mpope kukwera mpaka pamwamba, ndipo silaidi imaima isanatseke.

Njira ya firing pin musaiiwale, ngakhale sikhudza kuthina kwa silaidi. Pini ikamatidwa ndi girisi nsonga ili kunja, mfuti ingathe kulira yokha silaidi ikamatseka. Ikankheni ndi kamtengo kuchokera kumbuyo: iyende mosavuta ndipo sipuling'i yake iibweze msanga. M'njira imeneyi musasiyemo mafuta.

Zonse zikayera, bwezerani zipangizo chimodzichimodzi. Iyi ndiyo mbali yofunika kwambiri, ndipo anthu amaidumpha chifukwa imatenga nthawi. Yambani ndi silaidi yokha pa fulemu, popanda mpope, sipuling'i, bokosi la hamala kapena magazini, mutadontheza mafuta pang'ono pa tinjanji. Mukapendeketsa fulemu, silaidi ya mfuti ya asilikali iyenera kutsetsereka ndi kulemera kwake kapena ndi kukhudza kwa chala chimodzi. Ikagwira pamalo amodzi, pakani inki ya maka yakuda pa tinjanji tonse, m'mbali ndi pamwamba, yendetsani silaidi kasanu, ichotseni, ndipo pamene inki yachoka ndi pamene pakukhula. Kadontho kowala kamodzi m'mphepete ndi kachitsulo kotukuka, kobwera chifukwa chogundana ndi mfuti zinzake m'bokosi kapena chifukwa cha zilembo zimene oitanitsa amadinda. Mzere wautali wowala mbali zonse ziwiri, makamaka chakumbuyo kwa silaidi, ukusonyeza kuti silaidi inapanidwapo mu vayisi kapena inagwa, ndipo makoma ake analowa m'kati. Yezani mpata wa m'kati ndi kalipa kutsogolo, pakati ndi kumbuyo. Vuto lotere ndi la mmisiri wa mfuti wokhala ndi zotambasulira, chifukwa kupala fulemu kuti ilowe mu silaidi yopindika kumawononga chipangizo chimene chinali chabwino. Ngati kukhula kuli paliponse mofanana koma mopepuka, kawirikawiri ndi utoto wokhuthala wa pa nthawi imene mfuti inkakonzedwanso, ndipo umatha wokha mukayendetsa silaidi ndi dzanja ka 200 kapena 300 ili ndi mafuta.

Kenako ikani bokosi la hamala. Apa ndi pamene M57 ndi abale ake amasiyana ndi mfuti zina, ndipo ndi malo amene timawakayikira kwambiri. Bokosi limeneli lili ndi timikono tiwiri toloza kutsogolo timene timagona pamwamba pa fulemu, timatsogolera chipolopolo chochokera m'magazini, ndipo kakumanzere ndi kamene kamakankha khoko kunja. Palibe pini yolimanga, limangokhala m'malo mwake ndipo silaidi ndi imene imalitsekera. Pansi pa timikono pakatsala girisi kapena dzimbiri, bokosi limakhala m'mwamba pang'ono ndipo silaidi imakwecha pamwamba pake ulendo wonse. Likanikizeni ndi chala, yendetsani chikhadabo polumikizana ndi fulemu: pasakhale chokola. Onaninso disconnector, kachitsulo kotulukira pamwamba pa bokosi. Kayenera kutsika mukakakanikiza ndi kubwerera kokha. Kakalimba, mudzamva silaidi ikudumpha pamalo amodzi nthawi zonse. Mfuti zambiri zimene zinalowa ku United States zinawonjezeredwa safety, kaloko koletsa mfuti kulira, pa fulemu kuti zikwaniritse malamulo oitanitsa otsatira lamulo la mfuti la 1968. Ntchito yoboola imeneyi sinachitike mwaukhondo pa mfuti zonse, ndipo tizitsulo totukuka m'kati mwa kabowo tingathe kukankha bokosi la hamala kapena mkono wa trigger. Kwa ife safety yowonjezerayi ndiyo mbali yofooka kwambiri ya mfuti imeneyi, ndipo sitiidalira.

Tsopano mpope ndi bushi, zili kunja kwa mfuti. Lowetsani mpope mu bushi n'kuuyendetsa kuchokera kukamwa mpaka kufupi ndi mphete. Uyende popanda kugwira, ndipo uthe kupendekeka pang'ono m'mwamba ndi pansi, chifukwa pogwira ntchito umapendekeka. Pa mfuti ya asilikali mpata wa 0.05 mpaka 0.1 mm pakati pa mpope ndi bushi ndi wabwinobwino. Ukagwira kukamwa kokha, pali kachitsulo kotukuka chifukwa chogwa. Ukagwira pakati, imani kaye. Yezani kukula kwa mpope ndi maikromita pa 10 mm iliyonse, kenako kankhani kansalu kothina m'kati ndi kamtengo kotsukira. Kansalu kakafika pamalo ena n'kupepuka mwadzidzidzi, kenako n'kuthinanso, mpope unatupa. Izi zimachitika chipolopolo china chikatsakamira m'kati wina n'kuwomba chachiwiri pambuyo pake, ndipo mukaunika mumaona mphete yakuda m'kati. Mpope wotupa sukonzedwa. Anthu ena amapala kunja kuti udutse mu bushi, ndipo potero amachepetsa khoma limene lafooka kale, pa chipolopolo chothamanga kuposa mamita 400 pa sekondi. Mpope umenewo uchoke pa mfuti.

Mpope ukakhala wabwino, ulowetseni mu silaidi ndi bushi, silaidi ili chagada m'dzanja, muone ngati mphete zikugwera m'timipata mwake mosavuta ndi kutulukamo mosavuta. Yang'anitsitsani ngodya za mphete ndi za timipata. Ziyenera kukhala zakuthwa. Ngodya zobulungira, kapena zokhala ndi kamlomo ka chitsulo kotukukira m'mwamba, zikunena kuti mpope umachedwa kutsika ndipo silaidi imaumenya podutsa. Kamlomo kameneka ndi kamene kamachititsa silaidi kukakamira itangobwerera mamilimita ochepa. Kukachotsa ndi mwala kumamasula silaidi lero, koma choyambitsa chimatsala, ndipo kawirikawiri choyambitsa ndi link. Link yaitali kwambiri imakankhira mpope m'mwamba mwamphamvu potseka, n'chifukwa chake mamilimita omaliza amalimba, komanso imachedwetsa kutsika. Link yaifupi imakokedwa mopyola muyezo mpaka mabowo ake amatambasuka kapena pini imapindika. Gubuduzani pini ya slide stop m'mphepete mwa galasi kapena iyezeni ndi kalipa: ikhale yowongoka, yopanda ngalande pamene link imakhala. Link yokha izungulire pa pini yake momasuka, mabowo ake akhale ozungulira osati ngati dzira.

Pali kuyesa kumodzi kumene amisiri a M1911 amachita, ndipo kumagwira ntchito pano. Manganinso mfuti popanda sipuling'i yobwezera. Kanikizani kamwa la mpope pa thabwa kuti mpope ndi silaidi zibwerere pamodzi mpaka mpope uime. Mukadali kukanikiza, kokani silaidi m'mbuyo. Iyenera kudutsa pamwamba pa mpope popanda kukhula. Pa M1911 amafuna mpata wa pafupifupi 0.4 mm pamenepa. Ikakhula, mpope sukutsika mokwanira, ndipo mfuti ipite kwa mmisiri. Kenako tsekani silaidi n'kukanikiza mpope ndi chala pa zenera lotulukira makoko: usatsike mooneka.

Mavuto a link ndi mphete amapezeka kwambiri pa mfuti za nambala zosafanana. Musanagule, yerekezani nambala ya pa fulemu, ya pa silaidi ndi ya pa mpope ngati ilipo. Mipope ya mayiko osiyanasiyana a banja limeneli imaoneka yofanana ndipo nthawi zambiri imalowa, koma kulowa ndi kukhala bwino ndi zinthu ziwiri. Mpope watsopano wogula padera umabwera wonenepa pang'ono dala kuti mmisiri aupale molingana ndi mfuti. Onaninso kampata ka extractor kumbuyo kwa mpope. Kakakhala kosazama kapena kodzaza litsiro, mbedza ya extractor imagunda mpope ndipo silaidi imaima patatsala milimita imodzi. Inki ya maka pa nsonga ya mbedza imaonetsa zimenezi msanga. Samalani ndi kukula kwa chipolopolo: Zastava M70A ndi Norinco 213 ndi za 9 mm, ndipo mipope yake imafanana ndi ya 7.62 ukaiona kunja. Kwa amene ali ku South Africa, kumene mfuti za Norinco za banja limeneli n'zodziwika, lamulo la Firearms Control Act la 2000 limawerenga mpope pawokha ngati mfuti, choncho kusintha mpope si nkhani yongogula ndi kulowetsa.

Sipuling'i yobwezera sichedwa kuyeza. Ikapindika imakwecha m'kati mwa silaidi ndipo mumamva kulira kwake. Yatsopano ikatalika kwambiri, mapiringidzo ake amagundana silaidi isanafike kumapeto. Lembani ndi pensulo pamene silaidi imafika popanda sipuling'i, kenako muyese ili ndi sipuling'i. Malo awiriwa afanane. Magazini nayo iyeseni pomaliza: ngati kuthina kukubwera ikalowa, milomo yake yatukuka ndipo ikukhula pansi pa silaidi. Magazini ya TT-33 ndi yaifupi pa M57, musavutike nayo.

Ngati silaidi ikuyenda bwino yopanda kanthu koma ikukana kutseka pa chipolopolo chabodza, vuto lili m'chipinda. Khoko la 7.62x25 lili ndi phewa ngati botolo, ndipo limaima pa phewa limenelo. Girisi wouma kapena dzimbiri pa phewa la chipinda zimaliimitsa lisanafike. Tulutsani mpope, uimikeni, gwetsanimo chipolopolo chabodza cha muyezo woyenera: chilowe ndi kulemera kwake, ndipo chigwe chokha mukatembenuza. Tsukani ndi burashi ya mkuwa yokulirapo, mukuizunguliza ndi dzanja. Dzimbiri m'chipinda ndi lofala chifukwa zipolopolo zakale za asilikali zili ndi primer (kapusi yoyatsira wonga pa tsinde la khoko) yosiya mchere wa potaziyamu, umene umakoka chinyezi. Mafuta sasungunula mchere umenewu. Mukawomba zipolopolo zotere tsukani mpope ndi nkhope ya silaidi ndi madzi otentha tsiku lomwelo, umitsani, kenako pakani mafuta. Chipinda chokumbika ndi dzimbiri chimagwira khoko likatupa, ndipo silaidi imalimba mukatha kuwomba osati musanawombe. Ngati chipinda chayera koma chikukanabe, mmisiri ayeze ndi ma geji a go ndi no-go, oyezera mpata wa chipolopolo m'chipinda.

Nanga n'chiyani chimene mwini mfuti angachotse yekha? Tizitsulo totukuka tokha, pamalo amene inki yaonetsa, ndi kamwala kosalala konolera kapena sandipepa ya 600 mpaka 800 yokulungidwa pa kachitsulo kafulati. Kwechani katatu kapena kanayi, pukutani, pakani inki, yesani, bwerezani. Pa tinjanji tothina mofanana, phala losalalitsira la aluminium oxide la 800 limathandiza, koma mpope ndi bokosi la hamala zikhale kunja, ndipo mukatha tsukani kawiri mu palafini. Phala lopalira mavavu a injini ndi lokhakhala kwambiri ndipo limadya chitsulo msanga kuposa mmene dzanja limamvera. Makina ang'onoang'ono opalira a magetsi asayandikire mfuti imeneyi. Nkhope za mphete zimene zimanyamula mphamvu, nkhope ya silaidi yokhudza khoko, sear (kachitsulo kokola hamala ikakhala kumbuyo) ndi timphako ta hamala musazikhudze: zoyambazo zimasunga mpata woyenera wa chipolopolo, zinazo ndi zimene zimaletsa mfuti kulira yokha.

Pogula, M57 ya nambala zofanana, ya m'kati mwa mpope mowala ndi ngodya za mphete zakuthwa ndi yoyenera ndalama zake ngakhale silaidi ikhale yolimba chifukwa cha girisi, ndipo yotere timaisankha kuposa yolobodoka imene wina anaipala kale. Zizindikiro za tupa pa tinjanji kapena pa mphete ndi chifukwa chokwanira choisiyira pa shelefu. Zolozera chandamale zake ndi zazing'ono, chogwirira chake n'choimirira kwambiri kwa manja ena, ndipo hamala imaluma khungu la amene amagwira m'mwamba. Isanyamulidwe hamala itagona pa chipolopolo chili m'chipinda.

Ulendo woyamba ku malo owombera ovomerezeka, valani magalasi oteteza, ikani chipolopolo chimodzi chokha m'magazini, wombani, tolani khoko. Lisakhale lotupa pafupi ndi tsinde, phewa lisang'ambike, primer isaboole kapena kuphwatalala. Kenako ikani ziwiri, kuti ngati hamala ikutsatira silaidi, zimene zingachititse mfuti kulira yokha, mudziwe pa zipolopolo ziwiri osati 9. Zikayenda bwino katatu dzazani magazini. Mukatha zipolopolo 50 phwasulani mfuti muonenso ngodya za mphete ndi mabowo a link. Kamlomo katsopano kakaoneka pa mphete, mfuti ipite kwa mmisiri isanawombenso.